Zimene Nangondo Anakatenga ku Yunivesite

Panali mayi wina, mlimi wa anyezi, amene ankakhala m'mudzi wina kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi. Anthu ankamutchula ndi mfunda wake, Nangondo. Dimba lake linali m'mbali mwa kamtsinje kosaphwa, ndipo chaka chilichonse anyezi wake ankafika pamsika ena asanayambe kuzula. Koma mukanamufunsa chimene ankanyadira kwambiri, sakanatchula dimba. Akanatchula mlongo wake.

Mlongo wakeyo, Gelesomu, anali wamng'ono kwa iye ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Nangondo ndiye anamulera, ndiye ankamubereka kumsana amayi awo akapita kumunda. Pamene makolo anaona kuti sangathe kuphunzitsa ana awiri, Nangondo anasiyira sukulu mu Sitandade 6 n'kugwira khasu. Gelesomu anapitirira. Anapita ku sekondale, anapita ku yunivesite, anakaphunziranso kunja, ndipo anabwerako ali Dokotala. Sanali dokotala wa jekeseni ayi, anali wa mabuku. Tsopano ankaphunzitsa pa yunivesite ina yaikulu kummwera.

Nkhani imeneyi panalibe amene sankaidziwa m'mudzimo, chifukwa Nangondo sankatopa nayo. Pamjigo, kuchigayo, ngakhale pamaliro anthu akamacheza motsitsa mawu, iye ankapeza polowetsera mawu ake aja: "Ife tili ndi munthu wathu kumeneko."

Nangondo anali ndi mwana wamkazi dzina lake Lizineti, woyamba m'nyumbamo kufika Fomu 4. Zotsatira za mayeso zitatuluka, Lizineti anapeza mapointi 16. Inu mukudziwa kuti pa mayeso amenewa, mapointi akachepa ndiye kuti mwana wakhoza bwino. Pasukulu yonse anamuposa ndi munthu mmodzi yekha, mnzake wa ponda apa nane m'pondepo, Ndaziona, amene anapeza 13.

Bambo ake a Ndaziona anali a Chimbalanga, okonza njinga pansi pa mkuyu wa pamsika. Tsiku lina Nangondo anapita kwa iwo ndi njinga yake yonyamulira anyezi, itaphulika tayala. A Chimbalanga anatulutsa chubu, anachiviika m'beseni la madzi kufuna pobooka, ndipo akuyang'ana thovu anati, "Mayi, tamva za mwana wanu. Mulungu wakuonani."

"Wanunso wakhoza kuposa wanga," anatero Nangondo. "Mafomu a ku yunivesite mwatenga?"

A Chimbalanga anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Titengerenji? Kumeneko n'kwa anthu okhala ndi awo. Inu muli ndi achimwene anu. Nanga ife tikagogoda pakhomo la yani? Mwanayu azakhali ake amupezera ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe. Azikagwira imeneyo."

Nangondo anamva chisoni. Koma pansi pa chisonicho panali kanthu kena kokoma, kamene sanafune kukayang'ana. Anati, "Zoona, bambo. Masiku ano popanda wokugwira dzanja sizitheka." Atatero anakwera njinga yake n'kumapita.

Kunyumba anauza mwamuna wake kuti akufuna kupita kummwera. Mwamunayo anati, "Mwana ndi wa kwa amalume ake. Pitani, iwo ndiwo eni mbumba." Choncho m'mawa wina Nangondo anavala chitenje chake chatsopano, anamanga anyezi wosankha m'kathumba, anagwira tambala wamkulu wa m'khola, anatenga Lizineti ndi mapepala ake, n'kukwera basi.

Anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Nangondo anali asanapondepo pa yunivesite. Anaona nyumba zosanja, udzu wometa bwino, anyamata ndi atsikana akuyenda mothamanga ndi zikwama kumsana. Tambala uja analira pakati pa anthu, ophunzira ena n'kuseka. Iye sanachite manyazi. Anafunsa mlonda kuti ofesi ya Dokotala Gelesomu ili kuti, ndipo anatchula dzinalo mokweza kuti onse amve.

Gelesomu atawaona pakhomo anadzuka msanga. Anagwira dzanja la mlongo wake ndi manja awiri, anawakhazika pa mipando, anaitanitsa tiyi. Anafunsa za alamu ake, za mvula, za anthu amene anamwalira chaka chimenecho. Malonje atatha, Nangondo anaika mapepala patebulo.

"Achimwene, ndabwera ndi mbumba yanu. Mwanayu mbali yake wachita. Kwatsala n'kwanu."

Gelesomu anawerenga zotsatirazo n'kumwetulira. Anayamikira Lizineti ndi mtima wonse. Kenaka anavula magalasi ake n'kuwaika pambali.

"Achemwali, amene amasankha ana si ine. Mayina sabwera kwa ife aphunzitsi. Amapita ku bungwe lina, kumene amayang'ana mmene mwana wakhozera ndi maphunziro amene wapempha. Ine ana ndimawaona tsiku limene alowa m'kalasi, monga mmene inu mumaionera mvula ikagwa."

"Koma anthu a ku bungweko mumadziwana nawo."

"Awiri atatu ndimawadziwa."

"Ndiye kawauzeni kuti uyu ndi wanu."

Gelesomu anayang'ananso mapepala aja. Kenaka anati, "Kupita ndikhoza kupita. Mwina akandibweza ndi manyazi. Mwina ndikapeza wina wofooka mtima. Koma malo ndi owerengeka, achemwali. Kuti Lizineti alowe mwa njira imeneyo, ndiye kuti dzina la mwana wina lifufutidwe. Mwana ameneyo ali ndi amayi ake, nawonso akudikira ngati inu. Zimenezo sindichita."

Ulemu wonse umene Nangondo anabwera nawo unagwa pansi.

"Gelesomu, iwe. Ndinakubereka kumsanaku. Ndinasiya sukulu kuti iwe upite. Pamene iwe unkawerenga mabuku, ine ndinali m'matope. Lero ndabwera kudzapempha kanthu kamodzi, koyamba chibadwire chako, ndipo ukundiuza za mwana wa munthu amene sindimudziwa?"

"Sindinaiwale ndi tsiku limodzi lomwe," anatero Gelesomu. "N'chifukwa chake sindingakubwezereni ndi chinthu chakuba. Tabweretsani fomuyo ndione."

Nangondo sanaigwire. Lizineti ndiye anaitenga n'kuipereka ndi manja awiri.

Pa fomupo panali malo olembapo maphunziro amene mwana akufuna, kuyambira amene akuwafunitsitsa. Lizineti anali atalemba atatu ndi pensulo: udokotala, zamalamulo ndi uinjiniya. Gelesomu anapukusa mutu.

"Wakuuza ndani kuti ulembe amenewa?"

"Palibe, amalume. Ndi okhawo amene ndinawamvapo."

"Ukanatumiza chonchi, ukanakhala pakhomo chaka chino. Osati chifukwa sunakhoze, koma chifukwa wagogoda pa zitseko zitatu zimene pali chikhamu cha anthu, zina zambiri zili chitsegukire."

Anatsegula kabati n'kutulutsa kabuku. M'menemo munalembedwa maphunziro onse a m'mayunivesite, ndi zimene mwana ayenera kukhoza kuti aganiziridwe. Anakokera mpando pafupi ndi Lizineti, n'kuyamba kupita naye tsamba ndi tsamba. Anamuonetsa kuti masamu ake ndi ofooka, choncho za uinjiniya aiwale. Anamuonetsa kuti pa sayansi ya zamoyo ndi zaulimi ali ndi mphamvu. Anamufunsa zimene amakonda, n'kudikira kuti ayankhe yekha. Mtsikanayo anayamba mwamanyazi, koma posakhalitsa ankafunsa mafunso motsatizana. Anamva za maphunziro amene sankadziwa n'komwe kuti alipo. Pomaliza anasankha za kadyedwe koyenera kukhala zoyamba, uphunzitsi wa sayansi kukhala wachiwiri, ndi zina ziwiri pambuyo pake. Gelesomu analemba zonse papepala: zofunika kutumiza, kotumiza, ndi tsiku lotsekera.

"Zonsezi si zachinsinsi," anatero. "Zimalembedwa poyera. Koma poyera pakepo m'patali ndi kwathu."

Nangondo anakhala pampando wake nthawi yonseyo, tiyi wake atazizira. Kwa iye zonsezo zinali mawu chabe. Anabwera kudzatenga malo, ndipo ankabwerera ndi kabuku ndi kapepala. Anagona kwa mlongo wake tsiku limodzi lokha. Tambala uja anamusiya, koma anamusiya ndi dzanja, mtima usakufuna.

Atafika kumudzi anthu anamuchingamira ndi funso limodzi: "Zayenda?"

Iye anati, "Zayenda."

Sananame kwenikweni, komanso sananene zoona. Anthu anamva zimene ankafuna kumva, ndipo iye anawasiya amve choncho.

Lizineti anadzaza fomu yake mwatsopano n'kukaipereka kwa ahedi a pasukulu pawo kuti atumize. Madzulo ake, akusenda anyezi pakhonde, anati, "Amayi, ndikamuonetse Ndaziona kabuku kaja?"

"Khala chete," anatero Nangondo. "Sunamve amalume ako? Malo ndi owerengeka. Mnzakoyo wakuposa. Akalemba zimene walemba iwezo, atenga ndani, asiya ndani?"

Mtsikanayo anaweramitsa mutu. Nangondo anatenga kabukuko ndi kapepala kaja n'kuziika pansi pa zovala m'sutikesi.

Masiku anapita. Tsiku lotsekera linkayandikira. Nangondo ankadzuka, kupita kudimba, kuthirira, kubwerera. Akamadutsa pamsika ankalambalala mkuyu uja, ndipo akaona a Chimbalanga patali ankayang'ana kumbali ngati akufuna munthu wina.

Lachitatu lina m'mawa, kutatsala masiku asanu kuti atseke, anali m'dimba ndi khasu. Kumunsi kwa kamtsinjeko kunali mtsikana akuchapa. Anali Ndaziona. Atamuona Nangondo anasiya zochapazo, anakwera kumtunda, anagwada n'kupereka moni.

"Zovala zonsezi lero?" anafunsa Nangondo.

"Ndikunyamuka Loweruka, amayi. Azakhali atumiza uthenga kuti abwana akudikira."

"Ooh."

"Lizineti sakubweranso kwathu masiku ano. Mwina akuona ngati ndimuchitira nsanje. Mukamuuze kuti ine ndakondwa. Akapita kumeneko akatiphunzirireko tonse."

Anatero akumwetulira, anadzuka n'kubwerera ku zochapa zake.

Nangondo anaimirira pomwepo, khasu lili m'manja. Mawu amenewo ankawadziwa. Anawayankhulapo iye mwini ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ataima pamsewu, akuyang'ana mlongo wake akupita kusukulu ndi kabudula wa yunifolomu. Nayenso anamwetulira tsiku limenelo. Ndipo ankadziwa bwino chimene chimakhala kuseri kwa kumwetulira koteroko, ndi zaka zimene chimatenga osachoka.

Anakhala pansi pamzere. Anaganiza za mlongo wake, amene anakana kufufuta dzina la mwana wosamudziwa. Iye anamukwiyira chifukwa cha zimenezo. Koma tsopano iye mwini ankafufuta dzina la mwana amene anamuona akubadwa, amene anadya m'nyumba mwake kosawerengeka. Sankafufuta ndi cholembera. Ankafufuta ndi kukhala chete. Ndipo amene anawatseka maso a Chimbalanga kuti asatenge n'komwe fomu anali ndani? Kodi si iye, ndi mawu ake aja a pamjigo, zaka zonsezi?

Anayesa kudzikhululukira. Anati mumtima, mwana aliyense ali ndi make. Anati, ine ndinavutika, ndinakwera basi, ndinanyozeka. Anati, Lizineti akatsala chifukwa cha ine, ndidzamuyang'ana bwanji? Funso lomalizali linali lolemera. Anagwiranso khasu, analima mizere iwiri, n'kulisiya.

Tsiku lotsatira linali la msika. Nangondo sanatenge anyezi. Anatsegula sutikesi, anatulutsa kabuku ndi kapepala kaja, n'kuitana Lizineti kuti amutsatire. Pansi pa mkuyu panali anthu ambiri, ena odikira njinga zawo, ena ongocheza. Akanatha kuwaitanira a Chimbalanga pambali. Koma anadziwa kuti bodza limene linafesedwa pagulu liyenera kuzulidwa pagulu.

"Bambo a Ndaziona," anatero, "ndabwera kudzakonza mawu anga."

A Chimbalanga anasiya sipanala. Anthu anatembenuka.

"Ndinakuuzani kuti popanda wokugwira dzanja sizitheka. Ndinalakwa. Ndinapita kwa mlongo wanga kukapempha kuti amulowetse mwana wanga. Anandikaniza. Iye sasankha ana, ndipo anati ngakhale atapeza njira sangachite. Nditabwera ndinakuuzani kuti zayenda. Palibe chimene anakonza. Mwana wanga watumiza fomu ngati wina aliyense."

Mayi wina wogulitsa mandasi anatseka pakamwa ndi dzanja. Kumbuyo wina anaseka.

Nangondo anapitiriza. "Chimene anatipatsa ndi ichi. M'menemu muli maphunziro onse ndi zimene amafuna. Ndinazibisa masiku onsewa chifukwa ndinkaopa kuti mwana wanu amupitirira wanga. Kwatsala masiku anayi. Mwana wanu asapite ku Lilongwe asanalembe."

A Chimbalanga anapukuta manja awo pa nsanza, anapukutanso kachiwiri, ngati akuopa kudetsa pepalalo. Analandira ndi manja awiri. Anayang'ana zolembedwazo, anayang'ana Nangondo, ndipo anangoti, "Mayi, mukutanthauza kuti nafenso tikhoza?"

"Mukhoza."

Masana omwewo atsikana awiri aja anakhala pamphasa kuseri kwa nyumba ya a Chimbalanga, mitu itagundana pa kabuku. Lizineti ankafotokoza monga mmene amalume ake anamufotokozera. Nkhani itamveka, kunabweranso ana ena atatu amene anakhoza koma anali atataya mtima. Ahedi anatsegula ofesi Loweruka kuti mafomu onse apite nthawi isanathe.

Ndaziona anali wamphamvu pa maphunziro omwe aja amene Lizineti anali nawo mphamvu. Pofika pa mzere woyamba wa fomu anazengereza, n'kuyang'ana mnzake. Lizineti anati, "Lemba zimene ukufuna." Ndaziona analemba za kadyedwe koyenera. Nangondo anali ataima pakhomo, ndipo anaziona. Anawasiya apitirize.

Kenaka inafika miyezi yodikira, ndipo sinali yokoma. Anthu amene kale ankamupatsa Nangondo malo pamjigo tsopano ankanong'onezana akamafika. Ena ankati, "Dokotala wawo uja ndi wopanda mankhwala." Ena ankati, "Mayi ameneyu ndi wopusa, wapereka mbewu yake kwa mnansi iye asanabzale." Ngakhale mwamuna wake tsiku lina anati, "Mukanadikira mwana wathu alowe kaye." Nangondo ankangopitiriza ntchito yake. Mawu ake akale aja sanawayankhulenso. Ndipo anadabwa kuona kuti ngakhale ankanyozeka, ankadutsa pansi pa mkuyu mutu uli m'mwamba.

Mayina anatuluka anyezi atayamba kukhwima. Ahedi anawamata pakhoma la ofesi, ndipo ana anathamangira kumeneko. Nangondo anatsala pakhomo, akusesa malo amene anali atasesa kale. Patapita nthawi anaona Lizineti akubwera, osathamanga, osayenda pang'onopang'ono.

"Amayi, ndasankhidwa."

Tsache linagwa.

"Uphunzitsi wa sayansi. Ku koleji ya kumpoto."

"Nanga zija unkafunitsitsa zija?"

"Watenga Ndaziona. Akupita kumene kuli amalume."

Pa ana atatu ena aja, mmodzi anasankhidwanso. Mudzi umene unali usanatumizepo mwana ku yunivesite chichokere Gelesomu unatumiza atatu chaka chimodzi. Nthungululu zinamveka mbali zonse. Koma Nangondo anapita kudimba, anakhala pansi pa nthochi n'kulira. Ankalira chifukwa chokondwa, ankaliranso chifukwa cha funso limene linkamubaya. Atatopa anatulutsa foni yake n'kuimbira mlongo wake, koyamba chibwerere kummwera.

"Achimwene, ndiuzeni zoona. Malo amene watenga mwana wa a Chimbalanga, anali a Lizineti?"

"Sindikudziwa, achemwali," anatero Gelesomu. "Opempha anali mazanamazana, ochokera m'dziko lonse. Mwina akanalowa, mwina sakanalowa. Palibe amene angadziwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti onse awiri alowera pakhomo."

Yankho limenelo silinamuchotsere funso lake. Anabwerera kunyumba nalo. Anapeza Lizineti atakhala pakhonde, akuyesa kulemba dzina lake ndi mawu oti Aphunzitsi patsogolo, kumbuyo kwa katoni.

"Mwana wanga," anatero Nangondo, "ngati ndinakulakwira, undikhululukire."

Lizineti anadabwa. "Mwandilakwira chiyani, amayi?"

"Ndikanakhala chete, mwina ukanapita kumene unkafuna."

Mtsikanayo anaika cholembera pansi. "Zinandiwawa pang'ono nditaona pakhoma paja, sindikana. Koma amayi, masiku aja kabuku kali m'sutikesi, ndinkamuthawa Ndaziona ngati ndamubera. Ndikanapita ine ndekha iye ali ku ntchito ya m'nyumba, ndikanaphunzira bwanji? Ndipo amalume akanandilowetsa, ndikanamakhala m'kalasi n'kumadzifunsa ngati ndine woyenera. Malo awa ndi anga. Palibe amene anandipatsa, palibe amene ndamulanda."

Nangondo anamuyang'ana mwana wake ngati akumuona koyamba.

Mawa lake pamjigo, mayi wina amene sanakhulupirirebe anati mokweza, "Musatinamize. Amalume anakonza basi. Zinthu izi timazidziwa." Nangondo asanatsegule pakamwa, akazi a Chimbalanga anatula ndowa yawo n'kunena kuti, "Nanga wangayu anamukonzera ndani? Amalume ake amaotcha makala." Amayi onse anaseka, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Lamulungu, anthu atatuluka m'tchalitchi, a Chimbalanga ndi akazi awo anafika pakhomo pa Nangondo, Ndaziona ali pambuyo. Anakana mipando, anakhala pansi. A Chimbalanga anali atakonza mawu ambiri panjira, koma atafika anawathawa onse. Anayang'ana manja awo akuda ndi girisi wosachoka, n'kunena kuti, "Mayi, mwanayu tinabereka ndife. Koma kuyambira lero ndi wanunso."

Nangondo anati, "Musathokoze ine, bambo. Ine ndinachedwa. Tithokoze Mulungu kuti masiku anali asanathe."

Alendo atapita, anaimbiranso mlongo wake. Nthawi imeneyi sanafunse kanthu.

"Achimwene, tsiku lija ndinakuyankhulani mawu oipa mu ofesi mwanu, pamaso pa mwana."

"Munali ndi chifukwa, achemwali."

"Ayi, ndimvereni. Ndinabwera kudzapempha malo amodzi. Mukanandipatsa, ndikanakuthokozani sabata imodzi, kenaka n'kumakhala ndi mantha moyo wanga wonse. Munandikaniza, ndipo mudzi watumiza ana atatu. Zaka zonsezi ndinkanyadira kuti muli kumeneko. Lero ndikunyadira kuti ndinu munthu wotere. Zikomo pondikaniza."

Kenaka Gelesomu anati, "Sukulu zikatsekera ndibwera. Mukawauze ahedi asonkhanitse ana a Fomu 4 onse, ndi makolo awo omwe."

Tsono inu amene mwamva fanizoli, ambiri mumafunsa ngati kukhala ndi m'bale wophunzitsa ku yunivesite kumathandiza kuti mwana alowe. Kumathandiza ndithu, koma osati pamene ambirife timaganizira. M'bale woona sakubera malo. Amakuuza zimene sukudziwa, ndipo chimenecho n'chachikulu, chifukwa ana ambiri okhoza amatsala pakhomo popanda wowaletsa, kungoti panalibe wowauza.

Inu amene muli ndi wanu kumeneko, musamusenzetse katundu woti akachite manyazi chifukwa cha inu. Mufunseni njira, ndipo akakuuzani, thokozani. Musaike zimene mwamvazo m'sutikesi. Mwina kuuza mnzanu kudzakutayitsani kanthu, sindikunamizani. Nangondo mpaka lero sadziwa ngati anataya kapena ayi. Koma amagona ndi mtima umodzi.

Ndipo iwe mwana amene ulibe wako kumeneko, usadzichotse wekha pamndandanda anthu asanakuchotse. Funsa aphunzitsi ako, funsa amene anapitako, tenga fomu, lemba dzina lako. Ukadzalowa, udzakumbukire kuti kumudzi kwanu kwatsala ana amene alibe amalume ku yunivesite. Kuyambira tsiku limenelo, amalume awo ndiwe.